Buku la Ulere la ku Sandton: Kodi Mwana wa Mlimi Angapindule Nalo Bwanji?

Tsiku limene maina a ophunzira osankhidwira ku sukulu za ukachenjede atuluka, pabanja pamene pagwera mwayi pamamveka nthungululu. Chimwemwe chikazirala, makolo amakhala pansi n'kuyamba kuwerengera matumba a soya kapena a mtedza amene agulitsidwe, mbuzi imene ipite kumsika, ndiponso malume amene ali ku Joni oti aimbiridwe foni. Kawirikawiri kuwerengeraku kumathera pa fizi, malo ogona, chakudya ndi ndalama yoyendera. Mwana akafika pasukulu amapatsidwa mndandanda wina umene kumudzi palibe anauganizira, womwe ndi wa mabuku. Buku limodzi la sayansi, la zachipatala kapena la zowerengera chuma, losindikizidwa kunja, likhoza kudya ndalama za matumba angapo a chimanga, ndipo phunziro lililonse limafuna lakelake.

Chotsatira chake n'chodziwika kwa aliyense amene anapondako ku koleji. Ophunzira ambiri amalimbirana buku limodzi la mu laibulale, ena amadalira timapepala ta fotokope tosaoneka bwino, ndipo ena amalowa m'chipinda cha mayeso asanalione n'komwe bukulo. Vutoli silili ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kokha. Lilinso ku South Africa, ndipo zimene anthu a kumeneko ayesa pofuna kulithetsa zili ndi phunziro kwa alimi ndi alangizi a m'midzi.

Sukulu imene inatsegula nkhokwe yake

Amalawi ambiri amaidziwa Sandton kudzera mwa abale awo amene amasamalira maluwa, kuphika ndi kulondera m'nyumba za kumeneko. Derali lili kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg, ndipo ndi kumene kuli malikulu a mabanki ndi makampani akuluakulu. Msika wa masheya wa Johannesburg unasamukira kumeneko m'chaka cha 2000, ndipo m'chaka cha 2002 atsogoleri a maiko anasonkhanako pokambirana za chitukuko chokhazikika. Kutsidya kwa msewu waukulu wa M1 kuli Alexandra, dera lothithikana anthu limene linayamba m'chaka cha 1912, kumene anthu ambirimbiri amalawirira m'mawa kukagwira ntchito ku Sandton, ena a iwo wapansi.

Ku Sandton komweko kuli sukulu ya ukachenjede yoyima payokha yotchedwa Regenesys Business School, imene a Marko Saravanja ndi anzawo anaiyambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Sukuluyi imaphunzitsa za kayendetsedwe ka malonda ndi ntchito za boma. Chakumapeto kwa chaka cha 2012 inalengeza kuti zolemba zake zophunzitsira, kuyambira pa satifiketi mpaka pa digiri ya MBA, iziika pa intaneti kuti aliyense aziwerenga mosalipira. Munthu wa ku Alexandra, wa ku Chipata kapena wa ku Mchinji, akakhala ndi kompyuta ndi intaneti, ankatha kuwerenga zimene mabwana a m'makampani ankalipira ndalama zambiri kuti aphunzire.

Koma panali malire. Chaulere chinali kuwerenga. Wofuna kulembedwa m'kaundula wa ophunzira, kulemba mayeso ndi kulandira pepala lovomerezeka ankayenera kukwaniritsa zoyenereza ndi kulipira fizi. Pamenepa pali mfundo imene makolo ayenera kuimvetsa, chifukwa mawu akuti "maphunziro aulere" amamveka kawirikawiri masiku ano. Pa maphunziro a ukachenjede pali zinthu zitatu zimene munthu amalipira: zowerenga, mphunzitsi womutsogolera, ndi satifiketi. Luso lamakono latsitsa kwambiri mtengo wa choyambacho, chifukwa kukopera buku pa makina sikudya pepala kapena inki. Zinazo zimafunabe anthu olandira malipiro, choncho sizinatsike mtengo mofanana.

N'chifukwa chiyani mabuku ndi okwera mtengo?

Mabuku ambiri a ku yunivesite amalembedwa ndi kusindikizidwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo mtengo wake umawerengedwa m'madola kapena m'mapaundi. Ndalama ya dziko ikagwa mphamvu, buku limakwera mtengo lili pa shelefu pomwepo. Ku Malawi kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ku South Africa buku limalipiridwanso msonkho wa VAT, umene unakwera kufika pa 15 peresenti m'chaka cha 2018. Osindikiza nawonso amatulutsa buku lokonzedwanso pakapita zaka zochepa, motero lakale limene mkulu wake wa mwana anasiya limaoneka ngati latha ntchito. Ena amagulitsa mabuku a pa kompyuta okhala ndi nambala yachinsinsi imene imagwira ntchito kwa nthawi yoikika, ndipo nthawiyo ikatha buku limatsekeka.

Fotokope imaoneka ngati njira yachidule, koma ili ndi malamulo ake. Kujambula buku lonse popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo loteteza umwini wa zolemba. Ku South Africa kuli bungwe la DALRO limene limatolera ndalama ku masukulu pa zolemba zimene amajambulira ophunzira, ndipo ku Malawi ntchito yoteroyo ili m'manja mwa COSOMA. Olemba mabuku nawo ali ndi mabanja oti adyetse, kotero dandaulo lawo silopanda pake.

Kulemera kwa katundu ameneyu kunaonekera poyera mu Okutobala 2015, pamene ophunzira a pa yunivesite ya Witwatersrand ku Braamfontein, makilomita pafupifupi 15 kuchokera ku Sandton, anayamba zionetsero zokana kukwezedwa kwa fizi ndi 10.5 peresenti. Zionetserozo, zodziwika ndi dzina lakuti FeesMustFall, zinafalikira m'dziko lonse, ndipo pa 23 Okutobala mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Jacob Zuma, analengeza kuti fizi ya 2016 sikwera. Pa 16 Disembala 2017 analengezanso kuti boma lizilipirira ophunzira ochokera m'mabanja amene sapeza ndalama zoposa R350,000 pachaka.

M'chaka cha 2019 bungwe la NSFAS, limene limathandiza ophunzira osowa, linayamba kupereka R5,000 ya mabuku m'manja mwa wophunzira aliyense m'malo mwa makuponi ogulira m'masitolo a mabuku. Posakhalitsa ogulitsa mabuku anadandaula kuti malonda awo atsika kwambiri. Zimenezi sizodabwitsa kwa aliyense wodziwa umphawi, pakuti wophunzira amene ali ndi njala, ngongole ya lendi ndi mng'ono wake wosowa nsapato kumudzi saika buku patsogolo.

Mbewu yogula chaka ndi chaka, ndi mbewu yosunga

Mlimi amadziwa kusiyana kwa mbewu ya haibulidi, imene ayenera kugula nyengo iliyonse, ndi mbewu imene angathe kusunga, kugawira mnansi ndi kusankhamo yogwirizana ndi nthaka yake. Mabuku nawonso ali m'magulu awiri otere. Pali buku limene mwini wake amaletsa kulikopera kapena kulisintha, ngakhale litakhala loti anthu aziwerenga mwaulere pa intaneti. Palinso buku limene mwini wake wapereka chilolezo poyera kuti aliyense alikopere, alisindikize ndi kuligawa, ndipo kawirikawiri alimasulire kapena kulisintha, bola atchule amene analilemba. Zolemba za gulu lachiwirili pa Chingerezi amazitcha Open Educational Resources, dzina limene linakhazikitsidwa pa msonkhano wa UNESCO m'chaka cha 2002. Chilolezo chodziwika kwambiri pa zolemba zotere ndi cha Creative Commons, chimene chinayamba kugwiritsidwa ntchito mu Disembala chaka chomwecho.

South Africa yatengapo mbali yaikulu pa ntchitoyi. M'chaka cha 2007 akatswiri a maphunziro anakumana ku Cape Town ndi kulemba chikalata chopempha maboma ndi masukulu kuti zophunzitsira zopangidwa ndi ndalama za misonkho zikhale zotseguka kwa onse. Mumzinda womwewo a Mark Horner ndi anzawo, ali ophunzira pa yunivesite, anayamba m'chaka cha 2002 kulemba mabuku a sayansi ndi masamu a ku sekondale mothandizana ndi anthu ongodzipereka. Ntchitoyo inakula n'kukhala bungwe la Siyavula, ndipo boma la South Africa linasindikiza makope pafupifupi 10 miliyoni a mabukuwo n'kuwagawa m'sukulu zake. Popeza panalibe malipiro a umwini, boma linkalipira kusindikiza ndi kunyamula basi.

M'chaka cha 2018 yunivesite ya Cape Town inayamba ntchito yotchedwa Digital Open Textbooks for Development, mothandizidwa ndi bungwe la IDRC la ku Canada. Aphunzitsi ankapatsidwa ndalama zochepa zowathandiza kulemba mabuku otseguka, nthawi zina pamodzi ndi ophunzira awo, pogwiritsa ntchito zitsanzo za mu Africa. Limodzi mwa mabuku oterewa limaphunzitsa kasamalidwe ka matenda ndi kuvulala kwa mafupa m'zipatala zing'onozing'ono. Ku America, yunivesite ya Rice yakhala ikutulutsa mabuku otseguka kuyambira 2012 pansi pa dzina la OpenStax, ndipo pakati pawo pali a sayansi ya zamoyo, kemisitiri, fizikisi ndi zachuma, omwe ndi maphunziro a chaka choyamba m'makoleji ambiri. Mu Novembala 2019 maiko a mu UNESCO anagwirizana kuti maboma azilimbikitsa zophunzitsira za mtundu umenewu.

Zimene zinachitika ku Bunda

Nkhaniyi si yachilendo ku Malawi. Cha m'ma 2009 aphunzitsi a pa koleji ya zaulimi ya Bunda anali ndi vuto lakuti mabuku a phunziro la luso la kulemba ndi kulankhula, limene wophunzira aliyense wa chaka choyamba ankatenga, anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira. Mothandizidwa ndi OER Africa, nthambi ya bungwe la Saide la ku Johannesburg, aphunzitsiwo anasonkhanitsa zolemba zotseguka zochokera kumaiko ena, anazikonza kuti zigwirizane ndi wophunzira wa zaulimi wa ku Malawi, napanga buku lawolawo. Pa nthawi yomweyo aphunzitsi a ku Kamuzu College of Nursing anakonza maphunziro a uzamba n'kuwaika pa CD, kuti wophunzira aziwerenga pa kompyuta ngakhale popanda intaneti. Lero Bunda ndi gawo la yunivesite ya LUANAR, ndipo koleji ya anamwino ija inalowa mu Kamuzu University of Health Sciences m'chaka cha 2021.

Chimene chinapangitsa ntchito ziwirizi kukhala zaphindu n'chakuti aphunzitsi sanangokopera za kunja monga zinalili. Buku lolembedwa ku America likhoza kufotokoza bwino mmene chomera chimapangira chakudya chake, koma silinena za kaufiti m'munda wa chimanga, za chiwawu cha fodya kapena za mitengo ya pa msika wa Lizulu. Chilolezo chotseguka chimapatsa mphunzitsi wa ku Bunda, ku Chipata kapena ku Lichinga ufulu woikamo zimenezo.

Pali chifukwa chinanso. Pa 18 Disembala 2015 moto unatentha laibulale ya yunivesite ya Mzuzu, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anapsa tsiku limodzi. Buku la papepala likapsa, kulibwezeretsa kumafuna ndalama zakunja ndi zaka zambiri. Buku lotseguka limakhala m'makompyuta ndi m'mafoni ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo likhoza kusindikizidwanso mawa lake popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense.

Walira mvula walira matope

Buku la pa makina lili ndi mtengo wake wobisika. Limafuna foni yamakono kapena laputopu, bandulo ya intaneti, netiweki ndi magetsi. Mliri wa Covid-19 unaonetsa zimenezi mosabisa. Mu Malichi 2020 sukulu zinatsekedwa ku South Africa ndi ku Malawi komwe, ndipo mayunivesite anasamutsira maphunziro pa intaneti. Yunivesite ya Witwatersrand inabwereketsa malaputopu zikwi zingapo kwa ophunzira amene analibe. Makampani a MTN, Vodacom, Telkom ndi Cell C analola kuti masamba ena a maphunziro azitsegulidwa popanda kudya bandulo. Boma linakonza zoti ophunzira a NSFAS azilandira 10GB ya masana ndi 20GB ya usiku mwezi uliwonse, kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Ngakhale zinali choncho, wophunzira wa kumudzi kopanda netiweki, kapena wogona m'chipinda chimodzi ndi abale asanu ku Alexandra, sankafanana ndi mnzake wa m'nyumba ya mpanda ku Sandton. Gawo lalikulu la bandulo linali loti agwiritse ntchito pakati pa usiku, ena onse ali m'tulo.

Magetsi nawo sadalirika. M'chaka cha 2023 ku South Africa magetsi ankazimitsidwa mosinthanasinthana pa masiku oposa 300. Ku Malawi namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kuwerenga masamba mazanamazana pa kagalasi ka foni nakonso kumatopetsa maso. Choncho buku lotseguka limathandiza kwambiri pamene sukulu yalisindikiza papepala motsika mtengo, kapena yaliika pa kompyuta ya pasukulu kuti ophunzira azikopera popanda intaneti.

Funso lina ndi lakuti wolemba alipidwa ndi yani. Kulemba buku labwino kumatenga miyezi yambiri, ndipo pamafunika wolikonza, wojambula zithunzi ndi akatswiri ena oliunika. Ku Cape Town ndi ku Bunda ndalama zinachokera kwa mabungwe othandiza. Thandizo lotere limatha, ndipo ngati boma ndi mayunivesite saika ntchitoyi mu bajeti, komanso ngati mphunzitsi wolemba buku saganiziridwa pokweza anthu pantchito, mabukuwo amakalamba popanda wowakonzanso.

Zimene makolo ndi alangizi angachite

Choyamba ndi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Banja lisanagulitse ng'ombe chifukwa cha sukulu imene yalengeza maphunziro a pa intaneti otsika mtengo, lifufuze ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo n'zovomerezeka. Ku Malawi mndandanda wa sukulu zovomerezeka umatulutsidwa ndi National Council for Higher Education, ku Zambia ndi Higher Education Authority, ndipo ku South Africa unduna wa maphunziro apamwamba uli ndi kaundula wa sukulu zoyima pazokha. Lifunsenso ngati mtengo wa mabuku uli kale m'kati mwa fizi, ngati zowerengazo zimatheka kuzisunga pa foni ndi kuziwerenga popanda intaneti, ndiponso ngati zidzatsekeke teremu ikatha.

Chachiwiri chikukhudza mabanja amene ali ku Joni. Thandizo la NSFAS ndi la nzika za South Africa ndi anthu amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikolo mpaka kalekale, choncho mwana amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Mozambique koma alibe chilolezocho asaliwerengere. Chimene chingamuthandize ndi pangano la SADC la maphunziro limene linasainidwa ku Blantyre m'chaka cha 1997. Panganolo limati wophunzira wochokera m'dziko lina la SADC azilipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, ndipo mayunivesite a boma a ku South Africa amatsatira zimenezi, ngakhale kuti amaonjezerapo ndalama ina ya ophunzira akunja. Kwa wophunzira amene ali ku Malawi, bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linayamba ntchito m'chaka cha 2015, limapereka ngongole, ndipo ngongoleyo imayenera kubwezedwa akamaliza sukulu. M'bale amene akufuna kutumiza mphatso kuchokera ku Joni angachite bwino kuganizira laputopu yogwirapo kale ntchito ndi kasola kotchajira, chifukwa zimenezi zimatumikira wophunzira zaka zinayi zonse.

Chachitatu ndi cha alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi a chitukuko cha m'midzi, amene ambiri a iwo akuwonjezera maphunziro ali pantchito kudzera m'maphunziro apatali a ku LUANAR, ku Mzuzu ndi kwina. Mmodzi akapita kutauni kapena pa boma pamene pali intaneti yabwino, akhoza kukopera mabuku otseguka pa memori khadi n'kugawira anzake onse a m'dera lake, ndipo lamulo limalola, malinga ngati bukulo lili ndi chizindikiro cha Creative Commons. Zotere zilipo ngakhale za anthu amene sanapite ku koleji. Bungwe la Access Agriculture lili ndi mavidiyo ophunzitsa ulimi m'Chichewa amene amakopedwa mwaulere n'kuonetsedwa pa foni ku kalabu ya alimi. Bungwe la Saide linayambitsa African Storybook m'chaka cha 2014, kumene kuli timabuku ta nthano ta ana m'zilankhulo zambiri za mu Africa, kuphatikizapo Chichewa, timene mlezi wa sukulu ya mmera mpoyamba angathe kusindikiza ndi kuwerengera ana.

Chomaliza ndi kulankhula. Alimi ndi amene amalipira msonkho pa sopo, mchere ndi mayunitsi, ndipo gawo la msonkhowo limalipira aphunzitsi a m'mayunivesite a boma. Pa misonkhano ya chitukuko cha m'dera, ya makopaletivu ndi ya aphungu a Nyumba ya Malamulo, n'koyenera kufunsa chifukwa chimene zolemba zopangidwa ndi ndalama za anthu sizimasulidwa kuti mlangizi wa ku Nsanje kapena wa ku Katete aziwerenga, ndiponso chifukwa chimene zochepa zokha ndizo zimamasuliridwa m'Chichewa. Aphunzitsi a ku Bunda anaonetsa zaka zoposa 15 zapitazo kuti gulu laling'ono la anthu odzipereka likhoza kupanga buku lokwanira kalasi yonse. Pakufunika kuti maphunziro ena a chaka choyamba, monga a nthaka, a ziweto ndi a zaumoyo wa m'midzi, akhalenso ndi mabuku otere, kuti ndalama ya soya imene kholo latumiza izigulira mwana chakudya ndi malo ogona, buku ali nalo kale m'manja.